Mfuti ya a Sajeni pa Njira ya Kumunda

Moni nonse, abale ndi alongo anga mwa Ambuye. Ine ndine Agnesi, wa konkuno ku Chiparamba. Ena mumandidziwa kuti amake Brigita. Enanu mumanditcha "mkazi wa mzungu uja." Musayang'ane pansi, ndimakumvani ndikamadutsa pachitsime. Palibe kanthu. Lero ndikuuzani ndekha, kuti mukamanena muzinena zoona.

Mzungu ujayo dzina lake anali Patiriki, koma tonse tinkangoti a Sajeni. Kwawo kunali ku Ayalandi. Ankakwiya mukawatcha Mngelezi. Ankati kwawonso Angelezi analanda minda, ndipo iwo analowa usilikali chifukwa cha njala. Anamenya nkhondo ya Jeremani yoyamba ija. Itatha, abale awo anawakana, amvekere wavala yunifomu ya adani, usabwerenso kuno. Basi anatenga famu ya fodya kufupi ndi tauni ya Fort Jameson, n'kukhala.

Ine ndinapita kufamuko kukasankha fodya m'shedi. Ndinali mtsikana, manja achangu, pakamwa pachangunso. Anandiona, ndinawaona. Sindinakokedwe ndi chingwe, abale, ndinawakonda. Tinakhala limodzi popanda ukwati wa m'tchalitchi, popandanso ankhoswe. Tinabereka mwana mmodzi wamkazi, iwo n'kumutcha Brigita, dzina la mayi awo.

Koma munthu uja nkhondo inali isanamutuluke m'mutu. Tchire likamapsa, nsungwi n'kumaphulika, ankadzigwetsa mumzere n'kukwawa ndi mimba. Udzu ukagwedera, dzanja linali kale pamfuti. Pomwe mitengo yogulitsira fodya inagwa, azungu anzawo ambiri n'kuthawa, anawonjezerapo mowa. Kukalabu ya azungu sankawafunanso chifukwa cha ine. Analibe mnzake ngakhale mmodzi.

China chinkawadya mumtima. Ankandifunsa kuti n'chifukwa chiyani mayi anga sabwera kudzawaona. Ine ndinkangoti sangabwere. Ndimati akudziwa. Ndani sadziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi saonana maso? Ngakhale mwana amadziwa. Tsiku lina mayi anabwera ndi ufa mpaka pafupi ndi famu. Ataona a Sajeni akubwera pamsewu, anatula dengu, n'kupatukira kutchire. A Sajeni anaona zonsezo. Analowa m'nyumba nkhope itafiira, n'kunena kuti abale ako amandiona ngati fisi. Ine ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Sindinawafotokozere kalikonse, ndipo iwo sanafunsenso.

Brigita atafika msinkhu wa sukulu, a Sajeni anatitengera kutauni, kusitolo ya Mmwenye. Telala anamuyeza mwana madiresi. Anagula nsapato. Anagula thiranki yachitsulo yoikamo zovala, yakuda. Ine n'kumasekerera, ndimati mwana wanga wadala. A Sajeni atatuluka, telala uja, munthu wakuda mnzathu, ananong'ona osadzutsa mutu pamakina. Anati madiresi amtundu umenewo amasokera ana amakaladi opita kusukulu ya masisitere kutali kumwera, kuwoloka Zambezi, ndipo lole yake inyamuka sabata ya mawa.



Ndinkadziwa mayi wina amene ana ake anapita kumeneko. Anapita ali aang'ono. Wamkulu atabwera patapita zaka, Chinyanja anali ataiwala. Anaima pabwalo ndi nsapato zake, n'kupereka moni kwa mayi ake ngati akupereka kwa wantchito. Mayi uja anafa akungoyang'ana kumsewu.

Titafika kunyumba ndinawafunsa a Sajeni. Sanakane. Anati famu ikupita, kampani ya malo ikuitenga, ndipo iwo sangasiye mwana wawo pakati pa anthu owada. Ndinagwada. Ndinalira. Ndinatukwana, inde, pakamwa panga mukupadziwa. Iwo anangoti mwana ndi wa bambo, ndipo boma lili kumbali yawo. Pamenepo sananame. Ndikanakadandaula kwa yani? Kuboma mawu anga akanalemera bwanji pamaso pa mawu a mzungu? Ngakhale Mgonero ndinali nditaletsedwa chifukwa chokhala popanda ukwati. Ndinkaona ngati Mulungu nayenso wanditsekera chitseko.

M'mawa mwake a Sajeni atapita kubalani ya fodya, ndinamugwira dzanja Brigita n'kuthawa. Sindinatenge kanthu, ngakhale bulangete. Tinadzera njira zachidule mpaka kwathu.

Mlongo wanga Zakariya, amalume ake a mwanayu, atationa anagwira mutu. Anati kwa ife mwana ndi wa kwa mayi, zimenezo palibe angatsutse, koma mfuti sidziwa mwambo. Anafuna kutibisa kumudzi wina. Mayi anakana. Amvekere mdzukulu wanga sabisidwa ngati mbuzi yakuba, ndipo mtedza wanga sudzikumba wokha. Kutacha anatenga khasu, anatenga Brigita, n'kupita naye kumunda.

Dzuwa litakwera ndinamva ana akuthamanga, akuti mzungu, mzungu. Amayi anatola ana awo n'kulowa m'nyumba. Mudzi wonse unangoti zii. Ndinatuluka. Ndinawaona a Sajeni akubwera panjira ya kumunda, chipewa palibe, malaya atanyowa thukuta, mfuti ili m'manja. Inali nthawi ya masika, udzu utatalika kuposa munthu mbali zonse ziwiri za njira.

Ndinathamanga kuti ndikakumane nawo asanalowe m'mudzi. Ndili chapatali, ndinaona mayi akutulukira pamphambano, khasu paphewa, Brigita ali pambuyo pawo. A Sajeni anali atayang'ana kwa ine, mwana sanamuone. Mayi atangozindikira kuti akubwerayo ndi ndani, anachita zomwe mpongozi aliyense amachita. Anakoka mwana, n'kulowa naye muudzu, n'kugwada.

A Sajeni anangoona munthu akulumphira muudzu, chinthu chachitali chili paphewa.

Anatembenuka. Anagwada bondo limodzi. Mfuti inafika paphewa. Ndinamva chitsulo chake chikulira. Maso amene ndinaona pamenepo sanali a bambo a Brigita ayi, anali a munthu amene wabwerera kunkhondo. Anakuwa m'Chizungu, kenaka m'Chinyanja, kuti wabisalayo atuluke. Udzu unagwedera. Palibe anatuluka. Mayi akanatuluka bwanji, mkamwini ali pomwepo? Akamakuwa kwambiri, m'pamene iwo ankabisalanso kwambiri.

Abale ndi alongo, pemphero langa tsiku limenelo linali lalifupi. Ndinangoti Yesu. Yesu. Yesu. Sindikudziwa kuti miyendo inandinyamula bwanji. Ndinangopezeka ndaima pakati pa mfuti ndi udzu, mpope wake ukuloza pachifuwa panga.

A Sajeni anati ndichoke, abale anga awatchera msampha. Chala chawo chinali kale pa kachitsulo koombera. Ndinaona kuti ndikakuwa, aomba. Ndiye ine wa pakamwa ine, ndinalankhula pang'onopang'ono, monga timachitira ndi mwana wa malungo.

"Bambo a Brigita, muudzumo muli mayi anga. Anyamula khasu. Mwana wanu ali nawo momwemo."

Mfuti sinatsike. Anafunsa kuti ngati ndi mayi, akubisaliranji? N'chifukwa chiyani zaka zonsezi amamuthawa ngati wakhate?

Pamenepo ndiye ndinazindikira kuti munthuyu sankadziwa. Zaka zonse zija, sankadziwa!

"Sathawa mlendo, a Sajeni. Mlendo amamupatsa moni panjira. Ngakhale Bwana D.C., mkulu wa boma, amamupatsa moni. Amapatukira munthu mmodzi yekha, mwamuna wa mwana wawo. Ndi ulemu umenewo. Kuyambira tsiku lija la ufa, amakuwerengani kuti ndinu mkamwini wawo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.  Kenaka udzu unatseguka, Brigita n'kutuluka, mtedza uli m'manja, matope ali m'miyendo. Anaima pomwe mfuti inkaloza paja. Anati agogo akuti bambo adutse msanga, linthumbu likuwaluma.

A Sajeni anayang'ana mwana, anayang'ana mfuti. Anaiika pansi pang'onopang'ono ngati ikutentha. Anakwawira pambali pa njira n'kusanza. Kenaka analira, kulira kwa mawu, mwamuna wamkulu amene anaona nkhondo. Ine sindinawatonthoze. Ndinali nditakhala pansi, mwana ndamufungatira. Zakariya anabwera n'kutola mfuti ija ndi nsalu, kuopa kuigwira ndi manja.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. A Sajeni anadzuka, anatembenukira kutali ndi udzu uja kuti mayi adutse, n'kubwerera kufamu osanena kanthu za mwana. Masiku otsatirawo chakudya sichinkalowa. Galimoto ikalira kumsewu waukulu, ndimati apolisi afika. Ndinkamanga dzanja la Brigita ku dzanja langa ndi kansalu tikamagona. Ndinauza Mulungu kuti ine ndilibe boma, ndilibe mfuti, ndilibe pepala, ndili ndi Inu nokha.

Tsiku la lole linafika. M'mawa ndinaona ngolo ya ng'ombe ikulowa m'mudzi, a Sajeni akuyenda pambali, thiranki yakuda ija ili pamwamba.  Ndinati basi, abwera kudzamutenga. Ndinamukankhira mwana kumbuyo kwanga. Koma iwo sanabwere kwa ine. Anapita kwa Zakariya, anavula chipewa, n'kukhala pansi, pansi penipeni pafumbi. M'thirankimo munali zovala zawo, osati za mwana.

"Alamu," anatero, "mkamwini amamanga pati?"

Zakariya anaimirira. Kenaka analoza kuseri kwa nkhokwe ya mayi.

A Sajeni anamanga okha, abale. Anadula mitengo, anafolera udzu molakwika, mvula yoyamba tinanyowa ngati nkhuku. Analima m'munda wa apongozi monga mkamwini aliyense, zikhatho mpaka kutuluka matuza. Azungu anzawo analeka kuwapatsa moni. Kuboma anawaitana kangapo kukawadzudzula. Mowa sanausiye tsiku limodzi ayi, ndisakunamizeni, unatenga nthawi, ndipo nsungwi zikaphulika ankagwabe pansi. Koma tinakwatitsa ukwati m'tchalitchi, ankhoswe alipo, ndipo ndinalandiranso Mgonero. Mfuti inakhala kwa Zakariya, ikuopseza anyani.

Nkhondo ya Jeremani yachiwiri ili mkati, anyamata athu akutengedwa usilikali, a Sajeni anadwala malungo aja a mkodzo wakuda. Sanachedwe. Mayi ankakhala panja, kutsamira khoma, n'kumawalankhula kudzera pachipupa. Atamwalira, woyamba kulira maliro anali mayi, akuti mwana wanga, mwana wanga. Mzungu ngakhale mmodzi sanabwere. Tinawaika kumanda a kwathu.

Lero ndine wamasiye. Ndimalima mtedza ndi chimanga, thonje pang'ono. Denga likudonthabe pomwe anafolera iwo, ndipo msana wayamba kuvuta. Sindine wolemera. Koma ndabwera kudzathokoza Ambuye amene anagwira chala chija. Si ine ndinachigwira. Ine ndinangoima. Amene anachigwira ndi Iye.

Mwana amene ankati akwere lole uja anaphunzira pasukulu ya mishoni pompano, akuyenda wapansi ndi ana anu, madzulo n'kubwera kudzagona kwa mayi ake. Tsopano akuthandiza kuphunzitsa ang'onoang'ono. Ambuye alemekezeke.

Brigita, uli kumbuyo uko. Usabisale, leka manyazi. Taimirira, anthu akuone.