Matiresi Osagwedezeka

Loweruka m'mawa, chipale chofewa chitakwirira galimoto mpaka m'mawindo, a Marlys Tollefson anaika laputopu pakati pa makapu a khofi n'kuuza amuna awo, a Vern, kuti palibe adzuke patebulopo matiresi atsopano asanagulidwe. Akalewo anali atakumbika dzenje pakati, ndipo chiuno cha a Marlys chinkawawa mpaka masana.

Mumtima anali atasankha kale a siponji. Amuna awo anangowaitanira kuti adzavomereze. Koma a Vern anagwira ntchito ku positi ofesi ya m'tauni yawo ya Bemidji zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kwa iwo chimene chalembedwa chimatanthauza chomwecho basi.

"Awa a siponjiwa akuti amakumbukira," anatero a Vern, atatsitsira magalasi kunsonga kwa mphuno.

"Eya, ndiwo abwinowo."

"Amakumbukira chiyani?"

"Thupi lako, Vern. Mmene wagonera."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Ukangodzuka amabwerera mwakale."

"Ndiye kuti amaiwala."

"Sakuiwala, akungobwerera."

"Okumbukira ndi athu ali kuchipindawa. Akhala akusunga msana wanga zaka makumi awiri osaphonya, ndiye ukufuna kuwataya chifukwa cha chomwecho."

A Marlys anamwa khofi kuti asayankhe. Anatsitsa tsambalo mofulumira kuti adumphe matiresi a mphira, koma chala cha a Vern chinali chitatera kale pagalasi. Panalembedwa kuti amapangidwa ndi utomoni wokhetsa kumitengo. Apa ndiye nkhope ya a Vern inawala, pakuti mwezi wa Marichi uliwonse iwo amaboola mitengo ya mapulo kuseri kwa nyumba n'kupachikamo zidebe zolandirira madzi ake otsekemera opangira shuga. Anafuna kudziwa kuti matiresi amodzi amadya zidebe zingati, kuti amaboola mwezi uti, ndiponso ngati nyerere sizibwera. A Marlys anati mphira si shuga. A Vern anati tsambalo silinanene kuti si shuga.

"Tiye tingoyankha mafunso awa, makinawa atisankhire," anatero a Marlys, podziwa kuti dzulo anayesa katatu ndipo katatu konse munatuluka siponji. "Umagona chammbali, chagada, kapena chafufumimba?"

"Ndingadziwe bwanji?"

"Ah, iwe. Thupi ndi lako."

"Nthawi imeneyo ndimakhala ndili mtulo."

"Ndikulemba chagada."

"Usalembe bodza pafomu, Marlys."

Analemba chagada. Kenako anapita pamene anthu ogula kale amasiya ndemanga, n'kuwerenga mokweza ya mayi wina wa ku Ohio amene anati kugona pa siponjiyo kuli ngati kugona pamtambo.

"Mtambo ndi nthunzi," anatero a Vern. "Mayiyu anagwa."

"Wapereka nyenyezi zisanu."

"Ali m'munsimu wapereka ziwiri. Akuti amatentha."

"Ameneyo ndi wa ku Arizona, dera lotentha kale. Ife tayang'ana panjapo. Akatentha tidzathokoza."

"Ndiye tizizimitsa chotenthetsera m'nyumba?"

"Ayi."

"Ndiye satentha."

"Amatentha pang'ono, Vern."

"Madigiri angati?"

A Marlys anadzuka, anakapukuta sinki yomwe inali youma kale, n'kubwerera. Anapeza amuna awo atafika pa za katumizidwe, ndipo apa anali m'munda mwawo. Chithunzi chinkaonetsa mtsikana akumwetulira atakumbatira katoni yofika m'chiuno. A Vern anati makatoni anawanyamula moyo wawo wonse, ndipo matiresi a anthu awiri sangalowe mmenemo ngakhale utawapempha mwaulemu.

"Amawafinya ndi makina. Amachotsamo mpweya wonse."

"Mpweyawo amatumiza padera?"

"Amapuma wathu wa m'nyumba muno akangotsegulidwa."

A Vern anayang'ana kudenga ngati akuyeza kuti ulipo wokwanira. Kenako anapeza mawu oti munthu angawayese usiku zana limodzi, akapanda kuwakonda n'kubweza. Anafunsa ngati tulo tawo ta masana atadya timawerengedwa, chifukwa palembedwa usiku. Anafunsanso kuti tsiku lobwezalo adzawafinya ndani, popeza makina a m'galaja mwawo ndi odulira nkhuni basi. Anatenga cholembera n'kuyamba kukopera nambala ya foni ya kampaniyo pachikuto cha envelopu.

"Sukuimbira munthu aliyense," anatero a Marlys, n'kuwalanda cholemberacho. "Taona ichi. Ichi chokha, kenako tikugula."

Inali kanema yaifupi. Bambo wina wathupi ankadumphadumpha mbali imodzi ya matiresi a siponji, mbali inayo pali tambula yodzaza vinyo, koma osatayika ngakhale dontho. Kenako anaonetsa a mphira, ndipo vinyoyo ananjenjemera pang'ono m'tambulamo.

"Waona? Wina akatembenuka, mnzake samva kanthu. Ukadzuka kupita kubafa, ine ndili mtulo. Ine ndikatembenuka, iwe osadziwa n'komwe."

A Marlys anadikira funso la vinyo, kuti n'chifukwa chiyani munthu angamwere pabedi. Silinabwere. A Vern anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

"Osadziwa n'komwe?"

"Ndi mmene alembera."

"Ndiye tigula a mphira."

"Vern, a mphira ndi olemera. Akuti kuwatembenuza pamafunika anthu awiri amphamvu."

"A mphira."

"Chifukwa cha mitengo yako ija?"

"Ayi."

"Nanga nyerere zako?"

"Zibwere."

Apa a Marlys anapsa mtima ndithu. Anawakumbutsa kuti chiuno chowawacho ndi chawo, kuti amene wakhala sabata yathunthu akuwerenga za matiresi ndi iwo, ndipo kuti munthu wosadziwa n'komwe mbali imene amagonera alibe pakamwa pa nkhaniyi. A Vern ankangozunguza kapu yawo patebulo. Zimenezi zinawadabwitsa a Marlys. Pa zaka makumi anayi za banja, a Vern anali asanakanirirepo chinthu popanda kuloza pamene palembedwa.

"Nena chifukwa," anatero, mawu atatsika.

A Vern anayankhula akuyang'ana m'kapumo. Anati chichokereni kuchipatala mu Okutobala, pamene madokotala anatsegula chifuwa cha a Marlys n'kukonza mtsempha wa mtima, iwo sagona tulo tolunjika. Amagona khutu lili kumbali ya akazi awo, koma khutu lawo lakumanzere linafa kalekale, kupuma sakumva. Chimene amamva ndi bedi.

"Imagwedezeka kanayi, mwina kasanu, usiku uliwonse. Ikagwedezeka ndimati, eya, alipo. Ndiye ndimagonanso." Anakweza mapewa. "Pa siponjipo ndizidziwa bwanji?"

A Marlys anayang'ana pawindo kwa kanthawi. Galimoto yokankha chipale inadutsa mumsewu, nyali yake ikuthwanima. Anapukuta pakona ya diso ndi chala, kenako anatambasula dzanja n'kugwira la amuna awo, lokhakhala ngati khungwa.

Ndi dzanja linalo anakokera laputopu pafupi, n'kudina pa matiresi a siponji.

"Marlys, sunandimve?"

"Ndakumva. Kasanu, eti?"

"Nthawi zina kasanu ndi kamodzi."

"Ine ndikagona sinditembenuka, Vern. Kumeneko ndimakhala ndikukuponda kuti usiye mkonono. Usadandaule, chidendene changa uzichimva pa matiresi alionse."