Tsamba Lachitatu

Chaka chatha, mvula itangoyamba, mwana wanga wamkazi Tadala anandimva ndikudandaulira amayi ake kuti akapitawo andikhuthulira dengu la tiyi pa sikelo chifukwa munali tsamba lachitatu, ndipo anafunsa kuti, "Ababa, nanga tsamba lachitatulo linalakwa chiyani?"

Inu amene simunathyolepo tiyi, dziwani kuti lamulo lake ndi masamba awiri ndi kansonga, koma lamulo limeneli limagona ndi kudzuka. Kale, nditangoyamba ntchito pa esiteti, kampani inali ndi ogula ambiri kunja, ndipo tsamba lachitatu linkalowa m'dengu akapitawo akuona. Ukachedwa ankakuseka kuti, "Achimwene, mukusankha ngati mukufuna mkazi? Thyolani!" Masiku amenewo ankalemba aliyense wa manja awiri, ndipo pamsika wa Goliati atelala ankachita kubweza nsalu, nyama ya mbuzi inkatha dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale woumba njerwa wa ku Chimaliro, amene sanagwirepo tiyi, anafolera nyumba yake ndi malata.

Koma lero ogula aja akangokwinya nkhope kutali uko, akapitawo omwe aja amapisa m'dengu n'kukweza tsamba m'mwamba: "Ichi n'chiyani, achimwene? Fakitale si khola la mbuzi!" Sipapita nthawi, ife olembedwa panyengo timauzidwa kuti tikadikire kunyumba, ndipo atelala aja amayamba kuodzera pa makina. Kusukulu ya madzulo aphunzitsi anatiuza kuti makampani aakulu ochepa akabweza dzanja, ndalama zakunja zimachepa, mafuta n'kusowa, mpaka wa minibasi wa ku Mzuzu amamva kuwawa kwa dengu langa.

Mwezi usanathe chifunsireni Tadala, inenso anandiuza zokadikira. Ndinaopa kuti Tadala aganiza kuti bambo ake achotsedwa chifukwa cholakwa, choncho funso lija ndinalisunga masiku angapo, ndikubzala nthochi ndi nandolo kuseri kwa nyumba. Anzanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kampani ikamakoma, musaiwale kamunda kanu.

Loweruka, tikuchokera kutchalitchi, tinadutsa m'mbali mwa tiyi, ndipo ndinamuonetsa Tadala tsamba lokhwima pansi pa nsonga zanthete.

"Silinalakwe, mayi wanga," ndinatero. "Ogula akachuluka amalitenga, akachepa amalikana, koma ilo ndi lomweli. Ndipo likasiyidwa pamtengo silikhala chabe, ndi limene limadyetsa kansonga aka mpaka kakule."