Mawu a Amayi Anaoloka M'madengu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndinatsala pang'ono kutaya mawu a malemu amayi anga, ndipo ndikufuna mumve mmene Mulungu anandichitira chifundo.

Amayi ankatsogolera kwaya kwathu ku Chapananga. Ankayamba nyimbo m'Chimang'anja, ikakoma n'kulowetsamo Chisena, thukuta lili kamukamu. Ndimawasowa kwambiri. Makaseti a nyimbo zawo ndinawakopera mu laputopu yanga ngati fayilo imodzi yaikulu, kenako madzi osefukira anatenga makasetiwo.

Ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ndinkayenda mapewa m'mwamba. Ndinalemba pulogalamu yotumiza nyimbo za mpingo ku detabesi, nkhokwe yathu ya pa intaneti. Zing'onozing'ono zinkalowa bwinobwino, koma fayilo ya amayi inkakana. Pulogalamuyo inkanyamula fayilo yonse kamodzi, laputopu n'kutentha, netiweki n'kuduka, ine n'kuyambiranso. Ngakhale poikopera pa fulashi inkaimira panjira, chifukwa disiki yosungira zinthu mu laputopumo inali itayamba kufa. Tsiku lachitatu ndinalira ngati mwana, n'kugwada: "Ambuye, nzeru zanga zathera pano."

Masana omwewo kunabwera atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene sanagwirepo kompyuta. Nditawafotokozera anaseka.

"Iwe, sukulu yakuwononga. Mtsinje wa Mwanza ukadzaza, amako ankaolotsa thumba la mapira lonse pamutu? Ankathira m'madengu, n'kumaika mwala patsidya powerengera dengu lililonse lomwe laoloka. Likagwa limodzi, umabwerera lomwelo basi."

Ndinachita manyazi, chifukwa miyalayo ndinkaiona ndili wamng'ono. Ndinasintha pulogalamu kuti iziwerenga fayilo m'tizidutswa, kalikonse ndi nambala yake, n'kumatumiza kamodzikamodzi. Netiweki ikaduka, inkapitiriza pomwe yalekera. Pofika madzulo kachidutswa komaliza kanalowa, ndipo patangopita masiku awiri laputopu ija sinayakenso.

Lamulungu tinaika nyimbozo pa sipika kutchalitchi. Amayi atangoyambitsa, anzawo akale anawayankha ali m'mabenchi, misozi ili mbwembwembwe. Atsibweni anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Mlongo wanga waoloka."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu yemwe sindikanamufunsa n'komwe. Inu amene katundu wakukulirani, musataye mtima. Pempherani, ndipo nyamulani dengu la lero lokha.