Njerwa za ku Mphunzi

Pa siteji ya minibasi pa Dedza Boma, bambo wina wa ku Mphunzi anasendera kwa mayi amene ankafotokoza za msonkhano wogawa ndalama za chitukuko.

"Pepani mayi, za chipatala chathu cha ku Mphunzi anenako?"

"Anena, bambo. Ndalama za chaka chino zapita ku mlatho. Chipatala ndi chaka chamawa, zikapezeka."

"Komatu ife njerwa tinaumba kale, tinawotcha. Paja mudzi ukaonetsa njerwa ndi pamene amauganizira msanga."

"Zinali kale zimenezo. Masiku ano akumangira mabuloko a simenti pofuna kuteteza mitengo. Njerwa zowotcha sakuzilola."

"Ngakhale zowotcha kale? Uvuni wathunthu uli apo."

"Ngakhale zimenezo. Mwina mungogulitsa."

"Kugulitsa si nkhani, mayi. Nkhuni zitasowa, ndine amene ndinakagwada kwa akuluakulu a gule kuti atilole kudula mitengo ya kumanda. Ankakana. Ndinawalonjeza kuti zidzukulu zawo zizibadwira pafupi."

"Ndiye munadula?"

"Yonse ya m'mphepete. Manda ali pambalambanda. Ndipo ndikatsika minibasi, njira ya kunyumba kwanga imadutsa pomwepo."