Lusizi Mhone ndi Kaundula wa Ana a Sikelo

Malemu amene tikuwaika m'manda lero ndi a Lusizi Mhone. Anabadwa pa 9 Meyi 1990 kuno ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, ndipo anali achiwiri m'banja la ana anayi. Mbiriyi ndalemba ndine mayi awo, NyaChirwa. Akuwerenga ndi alongo anga a George, chifukwa ine mawu atha. Ndalemba m'Chichewa kuti akuchimuna ochokera ku Mulanje amve nawo.

Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Chintheche. Mayeso a folomu folo analemba kawiri. Sindibisa, koyamba masamu anawagwetsa. Mu 2013 anakwatiwa ndi a Aubrey Makwinja, amene amagwira ntchito ku esiteti ya raba. Mu 2015 anayamba ntchito ya zaumoyo m'midzi, makamaka kuyendetsa sikelo ya ana.

Mu 2022 kaundula wa pepala anasiyidwa. Mayina a ana onse anaikidwa pa intaneti, m'kaundula wa mizere ndi timabokosi, momwe mavolontiya asanu ankalembamo ndi mafoni awo. Mayina kumanzere, miyezi ikupita kumanja. Ukakankha ndi chala kuti ufike pa Ogasiti, mayina asowa. Ukatsikira m'munsi, mitu ya pamwamba yasowanso, sukudziwa ngati kabokosi aka n'ka makilo kapena katemera.

Ndiye mayina athu kuno mukuwadziwa. Mudzi umodzi unali ndi a Precious Banda awiri, mizere yawo yogundana. Makilo a wonenepa analembedwa pa wowonda, wowondayo n'kuchotsedwa pa mndandanda wolandira chiponde. Miyezi iwiri inatha. Malemu anakamupeza mapazi atatupa. Mwanayo ali moyo, pano akuthamanga. Amene analakwitsa sindimutchula, malemunso sanamutchulepo. Ankati wolakwa ndi kaundula.

Loweruka lotsatira anakhala pakhonde panga ndi laputopu ya kuntchito, chinangwa changa chili m'madzi osandithandiza kusenda. Anachita chimene iwo ankati kufiriza, ndiye kuti kumanga mzere wa pamwamba kuti usamasunthe, ndi mizere iwiri yotsika ya kumanzere. Woyamba, dzina la mwana. Wachiwiri, dzina la mayi, osati la pachitupa koma lomwe timaitanira kuno: NyaManda wa kwa a Jimmy, NyaPhiri wa kuchigayo. Ankati ukalowa m'mudzi n'kufunsa Jane Manda, palibe akusonyeze khomo.

Ndinawafunsa ngati kukondwa konseko kunali chifukwa cha timizere titatu. Anati, "Ama, kankhani nokha." Ndinakankha mpaka Disembala, dzina lili pompo. Chiyambire tsikulo, mwana sanalembedwenso pa mnzake.

Malemu anali a mpingo wa CCAP, a gulu la amayi la Umanyano, komanso a kwaya. Mawu analibe abwino kwenikweni, koma sankajomba, ndipo odwala ankawayendera popanda kutumidwa.

Anayamba kudwala mu Januwale chaka chino. Inali khansa ya khomo la chiberekero. Anatero madokotala, mapepala ndili nawo, ndiye zonong'onezana zithere pompano. Ali m'chipatala ku Mzuzu anatsegula kaundula uja, n'kupeza wina wamasula mizere ija, ati ikudya malo pa foni yaing'ono. Matendawo sindinawaone akuwakwiyira choncho. Anamanganso, diripi ili pamkono. Itatha sabata, wina anamasulanso. Anandifotokozera kuti kaundulayo ndi mmodzi, ukamasula pa foni yako wamasulira onse. Anamanganso kachitatu, ine nditawagwirira foni.

Anamwalira Lolemba pa 14 Julaye 2025, ali ndi zaka 35.

Lachisanu lake lisanafike tsikulo anandituma. Anati, "Ama, pa foni sakundimvera. Pamaliro anga adzabwera mavolontiya onse asanu, mudzawauze inu." Ndinawakalipira kuti asamalankhule choncho. Anati, "Mudzawauze basi."

Ndiye ndikukuuzani, inu a sikelo, ndakuonani mwakhala kumbuyoko. Mizere ija musamasule. Foni ikachepa, igonekeni chopingasa, malo apezeka. M'kaundulamo muli ana 312, ndipo 19 ali pa chiponde. Aliyense wa ana 19 amenewa ali ndi mnzake wofanana naye dzina, kaya m'mudzi mwawo kaya mudzi woyandikana. Woyang'anira kaundula tsopano ndi a Bertha Longwe, anachita kusankhidwa ndi malemu. Chovuta kafunseni iwo, osakonza nokha. Sikelo ya mawa Lachinayi ilipo, nthawi yake yomwe ija. Amayi, maliro awa asakhale chifukwa. Bweretsani ana.

Malemu asiya amuna awo a Aubrey Makwinja. Ana awiri, Tamara wa zaka khumi ndi chimodzi ndi Khumbo wa zaka zisanu ndi chimodzi. Achemwali awo a Falesi ndi a Thandiwe. Mlongo wawo Yotamu. Ndi ine mayi awo, amene ndinkayesa kuti mbiri yanga adzalemba ndi iwo.

Zimene anandituma ndanena. Apumule mu mtendere.