Pepala Limene a Chepetsa Anakana Kusayina

Abwana akulu a kampani, akuluakulu a nthambi, mainjiniya anzanga, mayi akunyumba, ana ndi zidzukulu, ndakulonjerani nonse. Anandiuza kuti ndilankhule zokoma kwa mphindi zisanu. Ndiyesetsa, koma mtima ukundiwawa.

Inu apabanja, ntchito yathu ndi iyi. Tisanaike makina oyendetsa magetsi a panjanji, aja ouza sitima kuima kapena kupita, timalemba modelo, chidule cha mmene makinawo aziganizira. Kenako kompyuta imayenda njira iliyonse ya m'modelomo, kufufuza ngati pali poti sitima ziwiri n'kukumana pa njanji imodzi. Modelo ikakula, njira zimachuluka, kompyuta simaliza. Ikapanda kumaliza, palibe chomwe tadziwa.

Apa m'pamene bambo awa, amene tikutsanzikana nawo lero, anapezera dzina loti a Chepetsa. Modelo yanga yoyamba ndinaikamo chilichonse, mpaka fani yoziziritsa bokosi la mawaya. Kompyuta inabuula sabata yathunthu. Iwo anafika ndi kapu yawo ya tiyi yothyoka chogwirira ija, n'kundifunsa, "Chemwali, faniyi ikaima, afa ndani?" Ndinati palibe. "Ndiye ikutani muno?" Ndinakalirira kubafa.

Musawayese mngelo. Chaka china anadula, anadula, kompyuta n'kuvomereza m'sekondi imodzi. Anazungulira maofesi onse akudzitama. Titayang'anitsitsa, anali atadula ndi sitima zomwe! Njanji yopanda sitima, ngozi ichokera kuti? Kuyambira tsiku limenelo amayamba aikamo cholakwika mwadala, aone ngati kompyuta ichigwira.

Mwaseka mokwanira. Tsopano mumve chomwe chandikwiyitsa.

Chaka chatha kunabwera lamulo loti tilembe chimodelo chimodzi cha siteshoni yonse, kasitomala akachiona agome. A Chepetsa anati tichigawe tizidutswa khumi, tiyese kamodzikamodzi. Akuluakulu anawayankha kuti nzeru zawo n'zachikale. Kompyuta inayenda miyezi itatu, n'kutha mpweya isanafike ndi pakati pomwe. Ndiye anawabweretsera pepala loti asayine kuti zonse zatsimikizika, ati poti palibe cholakwika chapezeka. Chipezeka bwanji komwe simunafike? Anakana. Patatha milungu itatu, kalata: kapumeni. Kutatsala zaka ziwiri zathunthu kuti nthawi yawo yopuma ikwane!

Mayi, inu anakuuzani kuti atopa. Sanatope ayi. Anangofuna kuti musadandaule.

Pepala lija lili pa desiki panga kuyambira Lachiwiri. Ndili ndi ana awiri ongodalira ine, ndipo sindibisa, ndikuopa. Koma sitima ya m'mawa pa siteshoni imeneyo imadzaza mpaka pakhomo. Abwana, m'malo moti ndidzakuuzeni Lolemba chitseko chili chotseka, ndikuuzani pano onse akumva: sindisayina. Tipatseni miyezi iwiri tichigawe, mudzapeza dzina langa pa kachidutswa kalikonse.

A Chepetsa, zikomo chifukwa cha zaka makumi atatu. Palibe sitima inagundanapo pa magetsi amene munasayinira, ndipo palibe yemwe anabwera kudzakuthokozani, chifukwa anthuwo anangofika kwawo osadziwa kanthu. Ife tikudziwa. Pitani mukapume, mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni. Zidzukulu, samalani, agogo anuwa akakudulirani homuweki.

Anzanga, imirirani tiwaombere m'manja. Inunso abwana, ombani mwamphamvu. Ndinu mwawapumitsa.