Delfina Ankakopera Bwino, Koma Sankawerenga

Mwana amene ndinamupatsa nota yapamwamba pa mayeso zaka ziwiri zotsatizana sankadziwa kuwerenga. Dzina lake ndi Delfina. Mphunzitsi wake ndinali ine. Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndaima pano chifukwa cha mwana ameneyu.

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Zobwe, pa malire ndi Malawi. Ndinayamba ntchitoyi mtima uli kwina. Malasha anali atatsegula ntchito ku Moatize, ndipo anzanga amene ndinaphunzira nawo anataya choko n'kukalowa mgodi wa ku Chipanga. Ine ndinatumiza makalata katatu, osayankhidwa. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndinkalowa nawo m'kalasi.

Kaphunzitsidwe kanga kanali kotere. Ndinkadzaza bolodi ndi Chipwitikizi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinkawerenga mzere, ana onse n'kubwereza pamodzi, katatu. Kenako ndinkati, "Koperani," ine n'kutuluka. Kuseri kwa msika kuli balaka yogulitsa kachasu, ndipo ndinkakhala kumeneko mpaka belu litayandikira. Pobwerera ndinkayang'ana makope. Wolemba mwaukhondo, nota yabwino. Wolankhula Chinyanja ankagwada pa miyala. Mafunso sindinkawafuna. Mayeso ndinkatenga pa zimene anakoperazo, mzere ndi mzere.

Delfina anali ndi dzanja lokongola polemba. Ndinali naye kalasi yachinayi ndi yachisanu. Oyendera sukulu akabwera, kope lake ndi limene ndinkawaonetsa.

M'mawa wina bambo ake, a Jeke, anaima pakhomo la kalasi. A Jeke ndi mlimi wa mbatatesi. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo Chichewa amawerenga bwino, koma Chipwitikizi ayi. Dzanja lina anagwira kope la mwana wawo, lina pepala la ku chipatala.

"Aphunzitsi, mayi wake akudwala," anatero. "Pepala ili ndi la mankhwala. Ndati Delfina tiwerengere, wangoyamba kulira. Ndati mwina pepalali n'lovuta, ndatsegula kope lake lomweli, ndaloza pakati. Zii. Kodi pano mumaphunzitsa kuwerenga kapena kujambula?"

"Bambo, mwana wanu ndi woyamba m'kalasi muno," ndinayankha mokweza. "Dzionereni nokha."

Ndinamuitana Delfina, n'kuloza mzere woyamba pa bolodi. Anaunena wonse osapunthwa.

"Tsopano lozani pansi," anatero a Jeke.

Ndinaloza mawu a mzere womaliza. Delfina anayambanso mzere woyamba uja. Maso ake sanali pa bolodi n'komwe, anali pa denga. Ndinaitana mwana wina, kenako wina, mpaka mabenchi onse. Amene anawerengadi anali ochepa, ndipo onsewo anaphunzitsidwa kunyumba ndi makolo awo.

A Jeke anapinda pepala lawo. "Ku Moatize kuli mlamu wanga, akufuna wolera mwana. Delfina apite kumeneko, akaphunzireko kuchapa. Ndikupatsani mpaka sukulu itatseka."

Abale, musaganize kuti ndinasintha tsiku limenelo. Ndinakalipa. Ndinamenya. Ndinawonjezera zokopera. Ndinasiya kachasu sabata imodzi, n'kubwererako. Choona n'chakuti sindinkadziwa poyambira. Pepala la uphunzitsi ndinali nalo, koma ndinali ndisanamutengepo mwana mmodzi kuchoka pa chilembo kufika pa mawu.

Tsiku lina nditamutsalitsa, Delfina anandiuza motsitsa mawu, "Aphunzitsi, musavutike. Mutu wanga ndi wouma." Mawu amenewo anawamva kwa ine. Ndinkawanena m'kalasi tsiku lililonse.

Sukulu inatseka. Delfina anakwera chapa, minibasi ya ku Moatize, atanyamula zovala m'thumba la pulasitiki. Ndinamuona ndili pa balaka. Sindinadzuke.

Lachitatu lotsatira masana ndinabwera pa tchalitchi pano kudzatenga kiyi wa nyumba kwa akazi anga. Ndinapeza amayi atakhala pa mphasa kuseri uku, akuphunzira kuwerenga Baibulo. Wophunzitsa anali Mayi Laurinda, amene amagulitsa tomato pa malire. Sukulu analekezera kalasi yachitatu. Bolodi analibe, ankalemba pansi ndi kamtengo. Aliyense ankayamba ndi dzina lake.

"Mayi Rosa, dzina lanu likuyamba ndi chilembo chiti? Chipezeni apa. Ayi, icho n'cha amuna anu, chisiyeni, ndi aulesi!"

Onse anaseka. Mayi Rosa nawo anaseka, n'kuyesanso. Palibe amene ankaopa kulakwa. Ankalankhula Chinyanja chokhachokha. Patapita kanthawi mayi wina anawerenga mzere wathunthu yekha, chala chili pa mawu, ndipo anzake anaimba nthungululu.

Mayi Laurinda anandiona. "Aphunzitsi, mwaima ngati msilikali wa pa malire. Khalani pansi mutithandize. Kapena tikuphunzitseni?"

Ndinakhala pansi. Kenako ndinalira, pamaso pa amayi amene ana awo ndinkawagwaditsa pa miyala. Ndinagwada panthaka pomwepo n'kuuza Yesu zonse: kunyada, mowa, ndi zaka za ana zimene ndinawononga ndipo sindingathe kubweza. Abusa anabwera n'kundisanjika manja. Kuyambira tsiku limenelo kachasu sanalowenso m'kamwa mwanga. Si mphamvu zanga. Ndinali nditayesa kale ndekha, ndipo mwamva mmene zinathera.

Lero kalasi yanga ndi yosiyana. Phunziro timayamba m'Chinyanja, kenako timaolokera ku Chipwitikizi. Zilembo ndinadula pa makatoni a ku msika, ndipo mwana aliyense amapanga dzina lake ndi manja. Amakhala anayi anayi, wodziwa kuthandiza wosadziwa. Ndimafunsa mwana mmodzi mmodzi, pomutchula dzina. Miyala ija ndinakataya. Ana ena amene ankathawira ku msika anayamba kubwerera, chifukwa mwana akangowerenga mawu amodzi yekha, mawa amafuna ena.

Koma sindikunamizani. Ana ndi ambiri, mabuku ndi ochepa, ndipo ena ndikuwaona akutsalira ine ndili pomwepo. Aphunzitsi anzanga amanditcha pulofesa wa makatoni. Amene ndinawapititsa patsogolo zaka zapitazo sindingawapeze onse.

Delfina akadali ku Moatize. Loweruka lililonse ndimakwera chapa kupita kumeneko. Timakhala pa khonde, iye mwana ali kumbuyo, fumbi la malasha likugwera pa kope. Mayi wa nyumbayo amatipatsa kanthawi kochepa, ndipo safuna kuti wolera mwana achoke. Delfina tsopano amawerenga dzina lake, mawu a pa matumba a ufa, ndi mizere yaifupi. Masabata ena amaiwala zimene tinachita. Ena amasinza ndi kutopa pensulo ili m'manja. Ndimabwerera ndikupemphera m'chapa, chifukwa china choti ndichite ndilibe.

Ndinapita kwa a Jeke kukapepesa. Anandilandira bwino, koma mawu awo anali amodzi: "Akawerenga pamaso panga, abwerera ku sukulu. Akalephera, musandivutitsenso." Sindingawatsutse. Anandikhulupirira zaka ziwiri.

Ndikutamanda Mulungu amene anandichotsa pa balaka n'kundikhazika pa mphasa kuti ndiphunzire. Sanandikane, ngakhale ndinabwera mochedwa. Ngati muli pano mwatopa ndi kunamizira, pa ntchito kapena pakhomo, bwerani kwa Yesu mmene mulilimo. Ndipo ngati mumadziwa kuwerenga, bwerani Lachitatu kuseri kuno. Tatsegula gulu la ana, ndipo manja akuchepa.

Loweruka likubwerali a Jeke akwera nane chapa ya m'mawa. Akuti atenga pepala limene ine sindinalionepo. Teremu yatsopano ikuyamba Lolemba. Mumupempherere Delfina.